Bokosi Lachiwiri Pansi pa Kama

Mapapo awo atafooka, atelala anasiya kusoka. Tsopano ankapumira makina a mpweya amene ankang'ung'udza pambali pa kama, kachubu kali m'mphuno. Magetsi akazima, makinawo ankadalira bokosi la batire lija amati UPS, ndipo mwana wawo wamkazi, yemwe ankawasamalira yekha, ankakhala chete kumvetsera bokosilo likulira mpaka magetsi atayaka.

Mtsikanayu anali ndi chibwenzi chobisa, mnyamata wokonza makompyuta m'kashopu ka kuseri kwa msika. Atelala atamva mphekesera zake, anamutcha Mawaya, ndipo analumbira kuti khoswe wa m'denga ameneyo sadzaponda m'nyumba mwawo iwo ali moyo, ngakhale atabwera ndi mpweya m'thumba.

Mawaya anabweradi ndi thumba. Anatola UPS yakale yotayidwa ku ofesi ina, anaikonza, n'kuipereka kwa mtsikanayo pamwamba pa mpanda. Anamunong'oneza kuti mabokosi awiriwo azithandizana. Asanafotokoze kathandizanidwe kake, atelala anakhosomola m'nyumba.

"Mayi anga, mukuyankhula ndi ndani kumeneko?"

Mtsikanayo anathawa ndi katunduyo, kutentha kwa dzanja la Mawaya kudakali pa chogwirira.

Analumikiza yekha bambo ake atagona masana. Anachita monga anakulira akuona pa ntchito yosoka: nsalu ikaperewera, umalumikiza ina kumapeto kwake. Bokosi lawo la masiku onse analisiya pa soketi ya pakhoma. Lachiwirilo analibaya kumbuyo kwa loyamba, makina a mpweya n'kuwabaya ku lachiwiri. Kenako analikankhira pansi pa kama n'kulifunditsa bulangeti, kuti likamalira lisaulule mwini wake.

Loweruka masana magetsi anazima. Atelala anali m'tulo, makina akung'ung'udzabe. Mtsikanayo anayang'ana kanyale kobiriwira pa bokosi loyamba, mtima n'kumuuza kuti mabokosi awiri ndi nthawi yowirikiza. Anavala diresi lachikasu limene bambo ake anasoka komaliza, n'kutseka chitseko pang'onopang'ono.

Mushopu ya Mawaya munali mdima ndi fungo la waya wopserera. Mawaya anamuseka kuti wawala kuposa babu, azingomupachika kudenga magetsi akavuta. Iye anabwezera kuti khoswe sadziwa kuyamikira. Anakhala pa benchi, manja atagwirana popanda mpanda pakati pawo, ndipo palibe anayang'ana dzuwa likupendeka pa malata a msika.

Akuseweretsa zala za mtsikanayo, Mawaya anafunsa kuti kunyumba wasiya ndani woti asamutse pulagi bokosi loyamba likatha. Mtsikanayo anaseka monyada, nati palibe chosamutsa, iye anawalumikiza onse pamzere umodzi.

Zala za Mawaya zinaima.

"Unabaya lina kumbuyo kwa linzake?"

Shopu sanakiye n'komwe. Mawaya anafotokoza ali pa liwiro la kunyumba kwa atelala, mawu akuduka. Moto wa m'batire la bokosi loyamba, lachiwirilo limaukana. Limayamba kudya batire lake lomwe, ndipo likatha limazima n'kutseka njira, loyambalo lili lodzaza. Batire la lachiwiri linali lokalamba. Iye ankatanthauza kuti lina lizidikira padera, linzake likatha munthu asamutse pulagi.

Anadutsa ometa tsitsi atakhala panja ndi makina awo ozizira, anadutsa jenereta ya pasitolo ya mankhwala ikufuka utsi. Mtsikanayo anavula nsapato n'kuzisiya pamsewu.

Pakhomo sipankamveka kung'ung'udza kuja. Munkangomveka kulira kwa bokosi loyamba, kwapatalipatali, kosafulumira, kanyale kake kali kobiriwirabe.

Atelala anali chafufumimba m'mphepete mwa kama, kachubu kali m'mphuno. Bulangeti anali atalisolola. Dzanja lawo linali pa bokosi lachiwirilo, limene anali asanalionepo.

Mawaya anagwada, anazula pulagi ya makina ku bokosi lachiwiri n'kuibaya ku loyamba. Makina anadzuka nthawi yomweyo. Mtsikanayo anatembenuza bambo ake, mutu wawo n'kuugoneka pa diresi lachikasu lija.

"Ababa, mpweya wabwera. Pumani, Ababa."

Kachubu kankafwenthera m'mphuno mwawo. Iye anaika dzanja pachifuwa chawo n'kudikira, n'kudikirabe.

Mawaya anadzuka mwakachetechete. Anayang'ana makina osokera ofunditsidwa pakona, lumo pa msomali, kenako mapazi ake a fumbi pa simenti ya chipinda cha atelala. Palibe anamuthamangitsa.

Makina a mpweya anapitiriza kung'ung'udza. Batire linali lambiri, ndipo pa awiriwo panalibe wolimba mtima kuwazimitsa.