Kachoso Kondizula Imvi

A Nabanda, musanandipake dayi m'mutumu, tayambani mwakhala pansi mumve.

Ndalota ndili kutchire louma, minga yokhayokha, mphepo ikununkha mchere ngati nyanja ili kuseri kwa chulu. Ndinamva kulira ngati kwa makina anga osokera, koma pafupi ndi khutu. Kucheuka, kachoso! Kambalame kochepa ngati chala changachi, pakhosi pakunyezimira ngati mikanda. Kanaima m'malere osatera paliponse, kenako n'kuuluka chobwerera m'mbuyo. Ine kuseka!

Kanapisa mlomo m'duwa, n'kubwera kudzandizula imvi. Sindinamve kupweteka, m'mutu munkangozizira bwino. Kanazula ina, inanso, n'kumalukira pamodzi ndi ulusi wa kangaude, mpaka kachisa ngati chitsekerero cha botolo kanatheka. M'katimo munali timazira tiwiri tonga nyemba.

"Amayi, zoyerazi ndiye zolimba, musazibise," kanatero. Mawuwo anali a Chikondi, mwana wanga uja akukwatiwa Lowerukali.

Kaya malotowa akutanthauza zidzukulu zamapasa, kaya ndi nkhawa za ukwati chabe, sindikudziwa. Koma dayiyo bwezerani m'chikwama, anzanga. Kuukwati ndipita ndi imvi zanga. Kumaloto kumene ndachokerako, imvizi akumangira nyumba.