Sitima ya pa Mbale ya a Titus

Eness atatsika minibasi ya matatu pa Ngong n'kulowa pageti, anapeza apongozi ake ali pakhonde, manja ali mchenga wokhawokha, akumwetulira. Chibwerereni ku Nairobi kudzalandira chithandizo cha impso, mayiwa anali asanamwetulirepo chotero.

"Amake Tamanda, lero ndadzuka ndi mphamvu. Ndati ndisamangodya n'kugona ngati khanda. Taonani."

Pachitenje panali mbale yadothi ija ya m'kabati.

Nyumbayi anawasiyira ndi a Titus, Mkenya wachikulire wa kutchalitchi kwawo, katundu ali momwemo. Anangopempha chimodzi: mbale ya agogo awo, omwe ankathira malasha m'sitima zoyambirira, isachoke pamalo pake. Pambalepo anajambulapo sitima ikudutsa m'chigwa cha Athi, anthu a zipewa atasuzumira m'mawindo, mbidzi zikuthawa. Utoto wake unali utada ndi zaka, ndipo kwa munthu wa ng'ala m'maso ngati apongozi unkangooneka ngati mwaye. Tsopano mbale inali mbee! Panangotsala theka la gudumu.

"Litsiro lake lokanika. Ndayamba ndi phulusa, kenako mchenga. Anthu akuno satsuka mbale, eti?"

Apongozi sadzudzulidwa, makamaka pa tsiku loyamba lomwe adziona kuti ndi munthu. Ndipo linali Lachisanu, tsiku lomwe a Titus ankabwera kudzaona mitengo yawo ya mapeyala. Eness anaganiza zoibisa. Anaganiza zonamizira Tamanda, mwana wake. Anaimbira mwamuna wake Marvin kuntchito, foni inangolira.

"Hodi!"

A Titus anali atalowa kale, ndodo m'manja. Apongozi ananyamula mbale ndi manja awiri n'kuwapatsa.

"Auzeni kuti ndawakwechera ndine."

Mkuluyo anaitembenuzira kudzuwa. Chala chake chinayenda pang'onopang'ono pamalo poyera, n'kuima. Analankhula m'Chingerezi, motsitsa.

"Apa panali munthu wa fosholo. Agogo ankaloza n'kumati ndi iwo. Chithunzi chawo china tilibe."

"Akuti chiyani?" anafunsa apongozi.

Eness anayankha: "Akuti zikomo, amayi. Akuti yawala."

Mayiwa analozetsa khutu kwa mlendoyo. Kumwetulira kunazilala.

"Amake Tamanda, ng'ala ndili nayo, koma makutu ndi abwinobwino. Mawu a bambowa akunjenjemera. Ndiuzeni."

Eness anawauza zonse, maso ali pansi. Anadikira kuti a Titus akweze mawu, kuti mayi wodwala anyozeke pamaso pa mlendo, kutali ndi kwawo.

Apongozi anagwira mzati wa khonde, n'kuyamba kutsika. Adokotala anali atawaletsa kugwada, koma anagwada ndithu, bondo limodzi kenako linzake, n'kuomba m'manja mofatsa.

"Pepani, bambo. Ndimayesa ndikuthandiza."

Apa sipanafunike womasulira. A Titus anayang'ana mayiyo nthawi yaitali. Kenako anaika mbale pampando, n'kusiya ndodo.

"Hapana, mama," anakana m'Chiswahili, akuwerama kuti awadzutse. Maondo awo anakana, nawonso anangopezeka agwada.

Anakhala choncho pasimenti, okalamba awiri oyang'anizana, aliyense akulephera kudzuka. Eness anaima pakati pawo, manja atatambasula, osadziwa woyamba kumugwira.