Atelala Akwera Phiri ndi Mzime Wawo

Atelala a pakona sankaimvetsa ntchito ya mwana wawo wamkazi. Mzime, monga ankamutchulira pakhomo, ankatsogolera alendo okwera mapiri. Akabwera kudzasoketsa chikwama chake chong'ambika, bambo ake ankapalasa makina uku akung'ung'udza.

"Sukulu yonse ija, mapeto ake kumakakwawa m'miyala ngati nyani? Pamwambapo unasiyapo chiyani?"

"Tiyeni mukaone nokha, ababa," anatero Mzime tsiku lina. "Kapena miyendo inatha?"

Mawu amenewo anawalasa. Loweruka m'mawa anatseka shopu, n'kuvala jekete la suti ndi nsapato zopolisha. Mzime anawavula zonsezo asanatuluke n'komwe, n'kuwapatsa jombo, juzi ndi ndodo.

Poyamba kunali dzuwa loswa mtengo. Atelala anali patsogolo, akuimba mluzu, ndodo ili paphewa.

"Pang'onopang'ono, ababa," anawachenjeza Mzime, koma iwo anangomukupizira dzanja. Njira itayamba kuimirira, mluzu unatha. Thukuta linali kamukamu, ndipo ankaima pafupipafupi, ati akuyang'ana maluwa.

Atadutsa nkhalango, mphepo inasintha. Mtambo wakuda bii unatulukira kuseri kwa thanthwe, ndipo posakhalitsa inakhuthuka mvula ya matalala. Njira inasanduka ngalande ya matope. Atelala anafuna kuthamangira pansi pa mtengo waukulu.

"Ayi! Kuno!" Mzime anakuwa ndi mawu amene bambo ake anali asanawamvepo chibadwire mwanayo. "Simukuona ziphaliwali? Gwirani lamba wa chikwamachi, muziponda pomwe ndapondapo ine."

Anamvera ngati mwana wa sukulu. Pamwala wina woterera anagwa chokhala, buluku n'kung'ambika kumbuyo konse. Mzime anawadzutsa, n'kuwakoka mpaka kukanyumba ka matabwa kopumiramo okwera phiri.

Mmenemo anawavula sokosi zonyowa, anawapukuta mapazi, n'kumata pulasitala pa matuza a kuchidendene. Atelala mano anali gwedegwede. Anamwa tiyi wa mufulasiki akuyang'ana paliwombo pa mwana wawo amene anali atawerama pamapazi pawo.

"Alendo ako onse umawachitira zimenezi?"

"Onse. Ena amalira kumene. Inu mwayesetsa."

"Za bulukuli usakawauze amayi ako. Telala wathunthu kuyenda kabudula ali pamtunda!"

Mzime anaseka mpaka misozi.

Mvula itakata, chifunga chinakuta ponseponse. Mzime anati kunsonga sapitako, miyala yake yaterera.

"Tavutika chonsechi n'kubwerera panjira?" anadandaula atelala.

"Phiri silithawa, ababa. Bwerani, tikakhale apo."

Anawatengera pathanthwe lina pafupi pomwepo. Anakhala moyandikana, osaona kalikonse koma kuyera kokhakokha. Kenaka mphepo inang'amba chifungacho, ndipo pansi, kutali zedi, panaoneka tawuni yonse, malata onyowa akunyezimira padzuwa, mtsinje uli ngati ulusi wotayika.

"Shopu yanga ili pati?"

"Cha uko, kuseri kwa mlatho. Singaoneke."

Atelala anayang'anitsitsa nthawi yaitali. "Ndakalambira pamalo osaoneka n'komwe," anatero motsitsa mawu. Anagwira dzanja la mwana wawo, osalisiya mpaka chifunga chinatsekanso.

Kutsika ndiye kunawamaliza. Chigawo chomaliza anayenda atakolowekera dzanja paphewa la Mzime.

Lolemba makina anakhala chete, poti miyendo inakana kupalasa. Atelala anangokhala pabenchi ya pakhonde la shopu, akazi awo akuwathowa akakolo ndi madzi otentha. Kasitomala aliyense wobwera kudzatenga zovala ankabwerera ndi nkhani ya phiri m'malo mwake. M'mawa matalala aja anali ngati nandolo, pofika masana anali atakula ngati mazira.

"Koma mwana wanga, inu! Akalankhula kumtunda kuja, ngakhale ine ndimangoti inde."

Akazi awo anafinya kansalu m'beseni, n'kuwayang'ana cham'mbali.

"Mukamapitanso musandisiye, bambo a Mzime. Ndikufuna ndikawaone ndekha mazira ogwa kumwambawo."