Mayina a Pasukulu

Pensulo anali atagwada pansi mu laibulale, makhadi oyera ali mbwee pakapeti, akulemba khadi la nambala 31 ndi cholembera chakuda chija chonunkha. Lilime lili panja pang'ono. Akamalemba mosamala amatero kkkk, mwini wake sadziwa.

"Ukulemba ngati kalata ya chibwenzi," anatero Wayilesi, mnzake wogona bedi lapamwamba, amene anabwera kudzathandiza koma mpaka pano ntchito yake inali kulankhula basi.

"Usandigwedeze."

"Sindinakukhudze ine."

"Mawu akowo akundigwedeza."

Inali sabata ija ya chaka chilichonse, kuzizira kukangotha, mitengo ya kutsogolo kwa hositelo itayamba kuphuka, sukulu yonse imachita ngati yamwa china chake. Mpikisano wothamanga, netibo, kwaya, kubzala maluwa, ndiye Loweruka ndi tsiku lalikulu, atsikana akale amabwera, aja anamaliza zaka 25 zapitazo. Lolemba lake Ahedi amatchula mtsikana wodzavala baji ya mtsogoleri wa ophunzira chaka chamawa. Pamndandanda panatsala awiri ndipo Pensulo anali mmodzi. Baji imeneyi anayamba kuifuna ali chaka choyamba, mpaka kumayeserera pagalasi kayendedwe kake, manja kumbuyo.

Ndiye Lachinayi Madamu a masamu, atsopano aja osakwanitsa ndi teremu imodzi yomwe, anamuitana.

"Iwe uli ndi dzanja labwino. Nawu mndandanda wa alendo, aliyense umulembere khadi lovala pachifuwa. Koma usakopere amene ali apawa, ulembe mayina awo a pasukulu kuti azindikirane. Ukawapeza mu..."

Foni yawo inalira, ku netibo wina wabinya phazi, Madamu liwiro. Pensulo anangoti chabwino.

Tsono apa ndi pamene panagona nkhani. Madamu amatanthauza mayina a m'kaundula wakale wa mu ofesi, aja amayiwo anali nawo asanakwatiwe. Koma pasukulu imeneyi ukati dzina la pasukulu, ndi chinthu chimodzi basi. Sabata yoyamba anzako amakuyang'ana, kukuyang'ana, kenako n'kukupatsa, ndipo silichoka. Iyeyu ndi wamtali ndi woonda, ndiye Pensulo. Winayu satseka pakamwa, ndiye Wayilesi.

Munthu wodziwa mayina onse a pasukulu kuyambira kalekale analipo mmodzi, Bambo Wilibala osamalira maluwa. Pensulo anachotsa chithunzi cha kalasi ya alendowo pakhoma la laibulale n'kukawapeza kuseri kwa thanki ya madzi akuthirira timbande. Iye akawerenga dzina loyamba, iwo n'kufinya maso pachithunzi.

"Aa, uyu ndi Sokosi Imodzi. Zaka zinayi sindinamuonepo atavala zofanana. Uyu Supuni, amayenda nayo m'thumba ngakhale kopemphera. Uyu Mawa, chilichonse ankati ndichita mawa. Awiriwa Ketulo ndi Chivindikiro."

Pensulo analemba akuseka mpaka m'mimba kuwawa. Atafika pa dzina la mayi ake omubereka, chifukwa nawo ndi a kalasi yomweyo, Bambo Wilibala anaika pansi chothiririra.

"Ameneyu ndi mayi ako?"

"Eya."

"Lemba Zenera."

"Zenera bwanji?"

"Ukawafunse eni ake, ine ndili ndi ana."

Dzina lomaliza linali la Ahedi. Eya, nawonso anaphunzira pompano. Apa bambo aja sanaseke.

"Uyu anali Kamsozi. Teremu yoyamba yonse amabwera kudzakhala pamwala uwu, kulira kufuna kwawo. Palibe ankabwera kudzamuona tsiku la makolo. Ndinkamupatsa ndowa kuti athirire, ndimvekere misozi yokhayo sikwanira maluwa onsewa."

Khadi limenelo Pensulo analilemba ndithu, lokongola ngati enawo. Koma Loweruka m'mawa akuyala makhadi patebulo pakhomo la holo, analigwira n'kuima nalo. Enawo ukawerenga umaseka. Ili ayi. Analilowetsa m'thumba la siketi, osauza ngakhale Wayilesi.

Magalimoto anayamba kulowa cha m'ma 9. Amayi akuluakulu, mafuta onunkhira, zikwama zonyezimira, nsapato za gogoda zikumira mu kapinga kkkk. Woyamba kufika patebulo anali mlendo wolemekezeka, Ajaji, aja oweruza milandu, amene amati akalowa m'khoti ngakhale ntchentche imakhala pansi. Ahedi mbali iyi, Madamu a masamu mbali inayo.

Ajaji anayendetsa chala pamakhadi. Anabwereranso.

"Mwanawe, langa sindikuliona."

"Lilipo mayi. Ndi ili."

Pensulo anapereka ndi manja awiri, atapinda mawondo bwinobwino, akumwetulira ngati munthu woti wagwira ntchito yotamandika. Madamu anasuzumira. Nkhope yawo inasintha ngati awona ziro pa pepala lawo lomwe.

"Iwe," ananong'ona. "Ichi n'chiyani?"

"Dzina lawo la pasukulu, Madamu."

"Ndimanena a m'kaundula. Asanakwatiwe."

Mtima wa Pensulo unatsikira m'sokosi. Anayang'ana tebulo lonse, Supuni, Mawa, Ketulo, Chivindikiro, Mphuno ya Abusa, makhadi 40 olembedwa ndi dzanja lake labwino lija, ndipo kumbuyo kwa Ajaji mzere wa alendo unali utafika kale pamasitepe. Baji ija anaiona ikumera mapiko.

Ahedi sanakweze mawu. Sakweza aja, n'chifukwa chake amaopsa.

"Safunsa anadya phula," anatero. "Pepani kwambiri Ajaji. Madamu, chotsani zonsezi."

Koma Ajaji anali asanasiye khadi lija. Analiyang'ana nthawi yaitali, milomo ili yotseka, Pensulo akuwerengera zaka zimene akakhale kundende. Kenako anakweza pang'ono siketi yawo yaitali n'kuyang'ana mapazi awo.

"Lero sokosi sindinavale n'komwe," anatero. "Kuopa zomwezi."

Mayi wina wonenepa pamzere anasuzumira paphewa pawo.

"Ndani ameneyu? Sokosi? Iwe Sokosi, ndiwe?"

"Supuni. Ukadali nayo?"

Mayi uja anatsegula chikwama chake chodula chija, n'kupisa, n'kupisa, n'kutulutsa supuni. Supuni yeniyeni kkkk.

Basi mzere unathera pomwepo. Amayi akuluakulu, madokotala, eni mashopu, kulimbirana makhadi ngati ana a chaka choyamba pa buledi. "Langa lili kuti?" "Iwe si Ketulo, Ketulo ndine, iwe ndi Chivindikiro." Wina anafunsa kuti nanga Mawa ali kuti, Ajaji amvekere mwina afika mawa, ndipo Supuni anaseka mpaka anakhala pa masitepe. Madamu anangoima ndi katoni yopanda kanthu m'manja, osadziwa kuti achotse kapena asiye.

Mayi ake a Pensulo anafika mochedwerapo. Amayi ake aja amene holide iliyonse amati ine pasukulu sindinalangidwepo ngakhale kamodzi, funsa aliyense. Anamupsompsona pamphumi, n'kuwongola kolala yake, n'kuyang'ana patebulo pamene panatsala makhadi atatu.

Anatola khadi la Zenera.

"Wakuuza ndani?"

"Amayi, Zenera bwanji?"

"Ndinkakonda mpweya wabwino."

"Bodza," anatero Supuni kuchokera pamasitepe. "Mwanawe, mayi akowa pakhomo la hositelo sanadutsepo. Nthawi yowerenga ikakwana, uyo pazenera, kukathyola zipatso kuseri kwa khitchini. Tsiku lina siketi inakola pa msomali, anapachikika theka mkati theka panja mpaka belu la chakudya."

"Ndipo amene anamukoka miyendo ndine," anatero Ajaji.

"Make mbuu, mwana mbuu," anatero wina, akuloza Pensulo ndi makhadi ake.

Amayi ake anavala khadi lija pang'onopang'ono. "Tikakambirana kunyumba," anatero, koma pakamwa pakukana kukhala pa ukali.

Tsiku linayenda. Akale anasewera netibo ndi atsikana a chaka chomaliza n'kugonja 22 kwa 3, zitatuzo anachinya ndi Zenera. Anabzala mtengo wawo pafupi ndi thanki, Bambo Wilibala akuwaitana mmodzimmodzi ndi mayina aja ngati anachoka dzulo. Koma Pensulo sanasangalale kwenikweni. Maso ake anali pa Ahedi, amene tsiku lonse anayenda pakati pa anzawo pachifuwa popanda khadi, osamuyang'ana iye ngakhale kamodzi.

Alendo atapita, dzuwa likadalipo, atsikana akupinda mipando, Wayilesi anabwera akuthamanga.

"Akukufuna ku ofesi. Ukafa, bulangete lako ndi langa."

Mu ofesi Ahedi anali atavula nsapato pansi pa desiki, akuganiza kuti sizikuoneka.

"Ukudziwa kuti zikanatha kuipa?"

"Eya Ahedi."

"Zakoma chifukwa cha mtima wa Ajaji, osati nzeru zako. Mawu ukapanda kuwamvetsa umafunsa."

"Ndimaona ngati ndawamvetsa, Ahedi."

"Apo ndiye poopsa penipeni." Anatsegula mndandanda uja. "Apa pali mayina 41. Patebulo ndinawerenga makhadi 40."

Pensulo anayang'ana pansi.

"Langa lili kuti?"

Ananama m'mutu mwake kawiri, kuti linatayika, kuti inki inatha. Kenako anapisa m'thumba n'kulitulutsa, litapindika pakona, n'kuliika padesiki chozondotsa. Ahedi analitembenuza.

Panja wina anagwetsa mpando, ena n'kuseka.

"Bambo Wilibala," anatero Ahedi. Silinali funso.

"Eya."

"Wauza angati?"

"Palibe."

"Ngakhale mnzako uja wa nkhani za m'ma 7?"

"Makamaka iyeyo, Ahedi."

Kamwa la Ahedi linagwedezeka pang'ono pakona. "Unalibisiranji? Enawo unayala onse, mpaka la mayi ako."

"Enawo ndi oseketsa. Ili ndinaona kuti mwini wake ndiye angasankhe."

Ahedi anasisita pakona popindika paja ndi chala mpaka panawongoka. Anatsegula kabati ya desiki, n'kuika khadi lija mkati, n'kutseka.

"Mawa uthandize Bambo Wilibala kuthirira, maluwa onse, chimenecho ndi chilango chako. Madzi akatayika sawoleka, koma ndowa ungasenze."

"Chabwino Ahedi."

Anafika pachitseko, dzanja lili pa chogwirira.

"Pensulo."

Anatembenuka. Zaka zitatu zonse Ahedi anali asanamuitanepo ndi dzina limenelo.

"Lolemba ubwere ndi shati yosita bwino. Baji ija pini yake ndi yolemera, pa shati yamakwinya imapendama."

Panja Wayilesi anali akudikira, makutu ali tcheru.

"Ndiye? Akuti chiyani?"

"Akuti ndithirire maluwa."

"Basi? Nanga ukumwetuliranji?"

"Ndibwereke simbi yako," anatero Pensulo.