Mawu Oyamba a Mavawelo

Mayi Alito anasesanso khonde, ngakhale panalibe ndi kachitsotso komwe. Dzinali anawapatsa ndi anzawo a kwaya chifukwa ankaimba alito, ndipo linawakanirira mpaka la ubatizo linaiwalika. Anaika tsache pakona, kenaka analitenganso, nasuzumira kumsewu. Galimoto ya mwana wawo wachisamba inali isanaoneke.

Pabalaza, amuna awo anali phee pa mpando wa matayala, dzanja lamanja lili lende. Chiwagwereni matenda ofa ziwalo, pakamwa pawo panali pasanatulukepo liwu. Munthu amene anaphunzitsa Chingerezi moyo wake wonse, amene ana asukulu ankamutcha a Mavawelo! Kalasi iliyonse yatsopano ankailonjera ndi funso limodzi, akugogoda tebulo ndi rula: pezani mawu a Chingerezi okhala ndi mavawelo onse asanu. Ngakhale pa chakudya ankafunsa zomwezo, mpaka ana ankathawira kukhitchini ndi mbale zawo.

M'mawa mwana uja anali atanena pa foni mosapita m'mbali: "Amayi, ndikubwera ndi adokotala ophunzitsa kulankhula. Ngati ababa sakusintha, ndiwatengera ku chipatala cha kuno. Inu ndi msana wanuwo simungathenso."

Chipatalacho chinali kutali, ndipo kumeneko salola owadikirira odwala kugona. Ndani akadziwa kuti bambowa akaphethira kawiri ndiye kuti akufuna madzi?

Mayi Alito anagwada pafupi ndi mpando uja. "Bambo, nenani kanthu. Ngakhale Ameni chabe. Kapena dandaulani kuti tiyi alibe shuga, ndilandira."

Maso a bambowo anawayang'ana. Pakamwa panali tseke.

"Ambuye, Inu amene munamasula lilime la wosalankhula," ananong'ona, koma pempherolo sanalimalize. Anadzuka, nayala shati yoyera patebulo. Ngati ulendo ulipo, mwamuna wawo asapite ndi zokwinyika.

Simbi ikuyenda pa kolala, mtima unali m'mwamba. Ndipo monga amachitira nthawi zonse nkhawa ikawagwira, anayamba kutsegula khosi ngati mmene kwaya imachitira isanaimbe nyimbo.

"Aaa... eee... iii..."

Go. Go. Go.

Anasiya simbi pamsana pa shati, natembenuka. Dzanja lamanzere la bambowo linali kugogoda chogwirira cha mpando, ndendende rula pa tebulo la m'kalasi.

"Ooo... uuu..." anamaliza Mayi Alito.

Milomo ya bambowo inalimbana, inapotoka, kenaka kunatuluka kaliwu kosasa ngati chitseko cha dzimbiri.

"E... du... ca... tion."

Mayi Alito anaima kukamwa kuli yasa. Chimwemwe chinabwera, koma nsanje inachipitirira.

"Ha! A Mavawelo! Miyezi yonseyi ndikukusambitsani, kukutembenuzani, maondo kuchita kutupa ndi mapemphero, mawu oyamba n'kukhala a kusukulu? Ine mkazi wanu ndilibe dzina?"

Theka la pakamwa pa bambowo linamwetulira. Panja galimoto inaliza hutala.

Mwana uja analowa ndi adokotala, mayi wamtali wonyamula kachikwama. Atamva nkhaniyo, mwanayo anapukusa mutu mwachisoni. "Amayi, mwina munangomva zomwe mtima wanu ukufuna."

"Ndiye ukuti ndapenga? Bambo, muuzeni mwana wanuyu."

Zii. Bambowo anangoyang'ana khoma.

"Munkatani pamene analankhula?" anafunsa adokotala.

"Ndinkangotsegula khosi, za kwaya."

"Tachitaninso, mayi. Osathamanga."

Mayi Alito anatseka maso, naimba ngati ali pamaso pa mpingo wonse. Dzanja lija linagogoda. Mawu aja anatulukanso, chidutswa chidutswa, mpaka anakwanira. Mwana uja anakhala pansi, nagwira mwendo wa bambo ake.

"Ababa, funso lanu lija. Ndipo tinkalithawa."

Adokotala anatseka kachikwama kawo. "Awa musawasunthe. Mawu awo akutsata mawu a mayiwa. Ine ndizibwera kuno, inu muziimba m'mawa ndi masana."

"Mulungu ndi wabwino," anatero Mayi Alito, akupukuta misozi ndi chikhatho. "Koma bambo, mawa ndikufuna dzina langa. Ndanena."

"Amayi, kukununkha chiyani?" anafunsa mwana uja.

Mayi Alito anathamangira patebulo nanyamula simbi. Pamsana pa shati yoyera ija panali chibowo chakuda, utsi ukufuka. Anaitukula m'mwamba, nasuzumira amuna awo kudzera pachibowocho.

"Ipse," anatero. "Inali ya ulendo."