Ndinalota Ndili M'kati mwa Kompyuta Yotentha

Maloto a masana a Lachitatu sakundichoka m'mutu. Mnzanga wa kuntchito, Tiyamike, anali atakonza pulogalamu yomwe inkalephera kuona kachipangizo koyeza kutentha kwa purosesa, ubongo wa kompyuta. Ine ndinayenera kuunika ntchito yakeyo ndisanaivomereze, chifukwa makompyuta a ophunzira athu ankatentha n'kumangozima mayeso ali m'kati. Ndikuwerenga zimene analemba, tulo tinandiba pampando pomwepo.

Ndinalota ndili m'kati mwa kompyuta, wopanda nsapato, pansi pakuwotcha ngati mchenga wa mu Okutobala. Fani inkazungulira pamwamba panga koma mphepo osamveka. Kenako Tiyamike anatulukira atavala ngati namwino, atanyamula choyezera kutentha thupi chachitali ngati nzimbe.

"Achimwene, gwirani uku, wodwala akubisala!" anatero.

Tinavundukula chitsulo china, ndipo pansi pake panali kachipangizo kaja, kakunjenjemera ngati mwanapiye. Nditakakhudza, kanayamba kuimba manambala ndi mawu a malemu mayi anga, omwe sanagwirepo kompyuta. Mvula inagwa m'menemo, fungo la dothi lonyowa lili ponseponse, ine n'kuyamba kuvina.

Ndinadzidzimuka malaya atanyowa ndi thukuta. Ndinayesa pulogalamuyo pa makompyuta atatu osiyana, ndipo onse anaonetsa kutentha kwawo molondola.

"Tiyamike, zatheka, ndavomereza!" ndinafuula, n'kumufotokozera malotowo. "Kodi amatanthauza chiyani?"

Anaseka mpaka misozi. "Kaya, achimwene. Koma mawa mudzagonenso, pulinta nayo yavuta."