Chithunzi cha pa Mwala wa Amayi

Amayi anasiya zithunzi zodzaza katoni ya nsapato, osawerengera za m'mafoni athu, koma palibe ndi chimodzi chomwe chimene ali okha atatseka pakamwa. Lachitatu m'mawa ndinazikhuthulira patebulo la pabalaza, ndikusankha, ndikubweza, mpaka ndinapezeka ndikukalipira munthu woti anamwalira chaka chatha.

"Inunso amayi, kungoima phee kamodzi kokha chinkavuta n'chiyani?"

Apa akuseka mutu uli chagada. Apa atembenuka kuti ayankhe munthu wodutsa, nkhope yangotuluka mbuu. Apa akuvina, mdzukulu wina kumsana wina m'manja, duku litapendekeka. Pa ukwati wanga wojambula anawauza katatu kuti ayang'ane kamera, iwo n'kumamufunsa ngati anakwatira. Chithunzicho chilipo: tonsefe tili njo ngati asilikali, iwo akumuloza chala mwana wa eni, gweru lawo lili poyera.

Chimene tinkafuna chinali chithunzi chimodzi choti chikawotchedwe pa tailosi, tailosiyo ikamatidwe pa mwala wa pamanda awo. Akawotcha awotcha, sichisinthikanso. Wa pa situdiyo anati tipite nacho Lachisanu masana, tikachedwa mwala ukaikidwa wopanda nkhope.

Amayi anagulitsa matikiti pa depoti ya basi zaka makumi atatu. Pazenera pawo mzere sunkayenda. Munthu akufuna tikiti basi, iwo ayamba kumufunsa za mwendo wa apongozi ake, ngati mwana uja anakhoza mayeso, ndi chifukwa chake wawonda. Wam'mbuyo akadandaula kuti basi imusiya, ankamuuza kuti, "Ikusiya bwanji dalaivala wake ali pano akumvera nkhani?" Madalaivalawo anawapatsa dzina loti Wailesi, ndipo iwo analilandira ndi manja awiri. Ine dzinali linkandinyansa. Pochokera kusukulu ndinkazungulira kuseri kwa depoti kuti anzanga asamve chikhakhali chija n'kudziwa kuti ndi amayi anga. Ndisaname, ndinkachita nawo manyazi.

Achimwene anafika masana, tayi pakhosi chonsecho anali pa tchuthi. Ndi oyamba kubadwa. Amagwira ntchito yosunga mafayilo mu ofesi ya maloya, koma mukawamva akuyankhula mungati jaji ndi iwowo. Patebulo paja sanayang'anepo n'komwe. Anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa chiphaso cha amayi.

"Chithunzi ndi ichi. Nkhani yatha."

Ndinachiyang'ana. Maso tong'o, milomo yolumana ngati ameza mankhwala owawa. Amayi eni ake ankatiuza kuti tsiku limenelo wojambula anawaopseza kuti akasekanso abwerera kumapeto kwa mzere.

"Achimwene, uyu ndi mkaidi, si amayi."

"Kumanda si ku depoti, iwe. Anthu azidzadutsa pamenepo zaka ndi zaka. Ukufuna aziona munthu wamkulu ali kukamwa yasa?"

"Nanga kukamwako kunali kwa ndani? Kwa aneba?"

"Usandiyankhe choncho. Ine ndikunena za ulemu."

"Ulemu wake uti? Inu amene munkawatsina pamkono ku tchalitchi akayamba nyimbo anzawo asanayambe?"

"Ndiye iwe unali bwino? Amene unawauza kuti pa tsiku la makolo kusukulu asabwere?"

Anthu obadwa m'mimba imodzi n'ngoipa, amadziwa pamene pali chilonda.

Amene anatilekanitsa ndi mwana wanga wamkazi, wa zaka khumi ndi zinayi. Anatuluka m'chipinda mwake ndi chithunzi chimene amachisunga m'buku la masamu. Agogo ake akhala pakhomo la kukhitchini, iye wawakolowekera mkono m'khosi, masaya atagundana.

"Ili ndi tsiku limene anandibera pa makadi," iye anatero. "Anakhalira khadi imodzi. Ataimirira inamatirira kusiketi, iwo n'kumakanabe kuti si yawo."

Chinali chowala bwino, osagwedezeka ngati zina zija. Amayi akuseka mpaka maso atsala timizere. Ine misozi inalengeza. Achimwene anachitenga, anachiyandikitsa, anachitalikitsa, kenako anakhosomola.

"Chabwino. Koma akakonze pang'ono."

Pang'ono. Ndikanadziwa ndikanachibisa mu bulauzi n'kuthawa nacho.

Lachisanu ndinatuluka kuntchito pa nthawi ya nkhomaliro. Ndimagulitsa mu famase, ndipo bwana wanga mphindi amaziwerenga ngati mapilitsi. Situdiyo ndi kachipinda kotentha kuseri kwa shopu ya mafoni. Kukhoma kuli chinsalu chojambulidwa masitepe a nyumba yachifumu, pakona fani ikungozungulitsa fungo la guluu. Mwini wake ndi bambo wa magalasi pamphumi, wodzitama ngati msing'anga.

"Musade nkhawa, mayi. Ine ndinavekapo suti agogo oti suti sanaigwirepo chibadwire. Ana awo analira."

Analowetsa chithunzi chija mu kompyuta, nkhope ya amayi inadzaza galasi lonse. Anati tailosi ndi yozungulira ngati dzira, imalowa munthu mmodzi, ndiye mwanayu achoke. Zimenezo ndinazimvetsa. Anadinadina, mwana wanga anazimiririka. Koma pamene panali tsaya lake panatsala chibowo pankhope ya amayi, ndipo pamene panali mkono wake panalibe phewa.

"Tsaya titenga lawo lomwe la mbali inayi, tingolitembenuza. Phewa tibwereka."

"Mubwereka kwa ndani?"

"Alipo mayi wina anajambulitsa chaka chatha, thupi lake ndi lomweli."

"Abale inu! Amayi anga akagone ndi phewa la eni?"

"Mwala sufuna kudziwa, mayi."

Achimwene anaima kumbuyo kwa bamboyo, manja kumsana, ngati woyang'anira mayeso. Anati dukulo liwongoledwe. Linawongoka. Kenako ine, ineyo ndi pakamwa pangapa, ndinaona kadontho ka mafuta pa bulauzi n'kunena kuti kafufutidwe. Ndinawonjezanso kuti thukuta la pamphumi likunyezimira kwambiri. Palibe anandikakamiza. Ndinangoona kuti anthu adzati ana ake analephera ngakhale kumupukuta.

"Dzinolo," achimwene anatero, akuloza gweru.

"Ayi, limenelo ndiye ayi. Linachoka ndisanabadwe. Ine amayi a mano onse sindiwadziwa."

"Dzino limodzi lokha, iwe. Ukulira dzino loti kulibe?"

Wa pa situdiyo sanadikire kuti timalize. Anatenga dzino loyandikana nalo n'kulidzala pampata paja. Ndinatsonya, koma ndinasiya. Akuluakulu ananena kuti pang'onopang'ono ndi mtolo, ife mtolo wathu tinaumanga titatsegula maso.

Mano atakwana, kuseka kuja kunayamba kuoneka ngati kwa munthu wotsatsa mankhwala otsukira m'kamwa. Achimwene anati pakamwapo pachepeko. Bamboyo anakokera mlomo wam'munsi m'mwamba, anakokeranso, mpaka milomo inakumana. Tsopano maso aja a timizere, pakamwa patatsekeka, ankaoneka ngati amayi akumva kupweteka m'mimba.

"Maso atseguke," anatero wa pa situdiyo. "Pali chithunzi china chimene akuyang'ana bwinobwino?"

Achimwene anapisa m'thumba la jekete.

Apo ndiye ndinaphulika. Ndinawauza kuti anabwera nacho dala chiphasocho, kuti kuyambira kale ankafuna mayi woti azikamuonetsa ku ofesi, kuti ngati akufuna mayi wachete akadzigulire chidole. Iwo anandiuza kuti ndatengera phokoso la amayi koma chisangalalo chawo ndinachisiya. Anyamata a mu shopu ya mafoni anasiya makasitomala n'kudzasuzumira pakhomo. Foni yanga inali ikulira kachitatu: bwana, nthawi ya nkhomaliro inatha kalekale, pakauntala anthu adzaza.

"Chitani zimene mukufuna!" ndinakuwa.

Bambo uja anandipatsa pepala loti ndisayine kuti banja lavomereza. Ndinasayina ndili chiimire, osayang'ananso pa kompyuta, ndinatuluka n'kumenyetsa chitseko mpaka chinsalu cha masitepe chija chinagwedezeka.

Kope la chithunzicho achimwene ananditumizira pafoni madzulo. Anali mayi wooneka bwino ndithu. Duku lowongoka, khungu losalala, maso odekha, milomo yotsekeka mwaulemu. Mayi woti sangakufunse za mwendo wa apongozi ako. Mwana wanga anasuzumira paphewa panga, anayang'ana nthawi yaitali.

"Ine mwandifufuta?"

"Tailosi imalowa munthu mmodzi, mwanangu."

"Ndiye munthu mmodziyo bwanji simunasiye agogo?"

Anatenga chithunzi chake chija patebulo, anachibwezera m'buku la masamu, n'kukadzitsekera kuchipinda.

Loweruka ndinalawirira ku situdiyo. Ndinapeza bamboyo akusesa pakhomo. Ndinamuuza kuti abweze zonse, gweru, thukuta, kadontho ka mafuta, ngakhale chibowo cha patsaya chikhale, bola akhale amayi.

"Mwachedwa, mayi. Zinapita dzulo lomwelo. Pano zili mu uvuni."

"Imbani foni azitulutse!"

"Ya mu uvuni situluka yaiwisi. Komanso munasayina nokha." Anatsamira tsache n'kundiyang'ana ngati ndine wosayamika. "Koma ntchito ija ndinaigwira, mayi. Mwa zonse za mwezi uno, ija ndiye nambala wani."

Ndinafuna kumulanda tsachelo. Koma ndikanamenya ndani? Iye anachita zimene tinamuuza, mmodzi uku wina uku.

Mwala unaikidwa Loweruka linalo, dzuwa likuswa mtengo. Tinalipo ochepa: ine ndi achimwene, akazi awo alamu anga, ana, ndi amisiri awiri. Mwana wanga anaima patali, pamthunzi wa mpanda, anakana kuyandikira. Amisiri atamata tailosi ija n'kupukuta simenti m'mbali, alamu anati, "Koma ndiye yakongola." Achimwene anaiyang'ana kamodzi, anakonza tayi, kenako maso awo anakhala pa nsapato mpaka pemphero linatha. Pochoka anandigwira paphewa ngati akufuna kunena kanthu. Ndinachotsa phewa langa.

Onse atapita ku galimoto ndinatsalira kuti nditole mapepala a simenti amene amisiri anangowataya. Ndili chiweramire ndinaona mayi wina wachikulire akubwera mumzere wa manda, masilipasi kuphazi, m'manja atanyamula botolo lodulidwa pakati muli maluwa ofiira a pampanda. Ankayenda motsimphina. Mwala uliwonse wokhala ndi chithunzi ankaima, kuwerama, kuyang'anitsitsa, n'kupitirira. Anafika pa wathu. Anawerama, anayang'ana, anandipatsa moni mwaulemu, n'kupitirira.

Atadutsa manda atatu ndinawaitana.

"Mayi, mukufuna manda a ndani?"

"A mnzanga, mwanangu. Dzina lenileni landithawa, ife tinkangoti a Wailesi. Ine ndinkasesa pa depoti. Zaka zonse zija tiyi tinkamwera kapu imodzi. Maliro awo anandipeza ndili m'chipatala ndi mwendowu." Anapumira kaye, n'kusintha botolo lija dzanja. "Kuwerenga ine sindidziwa. Koma madalaivala andiuza kuti ana aika chithunzi lero, ndiye ndati basi, sindingasokere. Nkhope ijayo ndingaiphonye ine? Angakhale pakati pa anthu chikwi."

Ndinaganiza zongowasiya apite, akafunefune, akatope, abwerere kwawo akuganiza kuti madalaivala anawanamiza. Koma mwendo umenewo, dzuwa limenelo.

"Ndi pano, mayi. Ine ndine mwana wawo."

Anabwerera pang'onopang'ono. Anagwada movutikira, anapukuta tailosi ija ndi nsonga ya mpango wawo, anayandikitsa nkhope mpaka mphuno inatsala pang'ono kugunda. Anayang'ana duku, maso, pakamwa. Anapukutanso kachiwiri. Kenako anatembenuka n'kundiyang'ana ine, kuyambira kumutu mpaka kumapazi, maluwa aja ali chigwirire.

"Mwanangu," anatero motsitsa mawu, "munawatani amayi anu?"